Paipi ya pa Makina a Tsabola

Mlanduwu anampatsa Sajeni uli wophikaphika. Wovulala anali m'chipatala mutu utang'ambika, woganiziridwa anali atagona kale m'chitolokosi, ndipo mkulu wa pa polisipo anati chatsala n'kupita ku shopu ya zitsulo kumene zinachitikira, kukatenga paipi imene akuti inadulidwa ndi mawu a mboni, basi. Sajeni anali mayi amene anakhalitsa pa upolisi, ndipo milandu yotha msanga sankaikhulupirira. Koma sanatsutse. Anatenga chikwama chake n'kunyamuka.

Shopuyo inali chinyumba chachitali cha malata, chamdima kumakona. Makina opala zitsulo anandanda mizere iwiri. Pa makina alionse panali kapaipi kopindika ngati khosi la tsekwe, kamene kamathira madzi oyera ngati mkaka pa chitsulo chikamapalidwa kuti chisatenthe. Madziwo ankatsikira m'thanki ya pansi, ndipo pampu inkawakwezanso kudzera m'paipi ina yakuda, ya labala, yonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Fungo lake linali la sopo wosakanizika ndi mafuta, lokakamira kukhosi.

Mwini shopuyo, amene aliyense ankangoti Abwana, anali bambo wachikulire wa chimimba. Zaka zokhala pakati pa makina zinawatseka makutu, moti ankayankha funso limene aganiza kuti wafunsa, osati limene wafunsadi. Sajeni atawafunsa ngati wovulalayo ali bwanji, iwo anayankha kuti tiyi amwa kale, zikomo. Kenaka anamugwira dzanja n'kupita naye pa makina akumapeto, pomwe simenti inali idakali yonyowa ndipo anali atawazapo utuchi.

Nkhani yawo inali yachidule. Dzulo lake, nthawi ya nkhomaliro, anthu onse anatuluka kukadya, koma Kapitawo, woyang'anira antchito, anatsalira monga mwa chizolowezi chake. Wina anadula paipi ya pa makina amenewo n'kuyatsa pampu. Madzi anasefukira pansi, Kapitawo anaterereka n'kumenyetsa mutu pa mwendo wa makina. Makinawo ankagwiritsa ntchito ndi Tsabola, mwamuna wa mtima wapachala, amene m'mawa womwewo anakangana ndi Kapitawo mpaka kumuuza kuti aona. Ndipo anthu atabwerera, anapeza Tsabola yemweyo atagwada pambali pa wovulalayo, manja ali magazi okhaokha.

Sajeni anafunsa ngati pali amene anamuona Tsabola akudula.

"Eya, yatsopano," anayankha Abwana. "Ya sabata yatha. Paipi yatsopano siphulika, mayi. Funsani Wamapaipi."

*

Wamapaipi anali munthu wowonda, wa zala zakuda ndi mafuta, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ntchito yake inali kuyang'anira mapaipi, mapampu ndi mathanki a madzi oziziritsa aja. Sajeni anam'peza atagwada kuseri kwa makina ena, ndipo anamuuza kuti apitirize ntchito yake, azilankhula uku akugwira.

Anamuonerera kanthawi. Munthuyo ankayendetsa zala pa paipi kuyambira pa pampu mpaka pamwamba, akufinya pang'onopang'ono ngati mayi wosankha mapeyala pamsika. Sajeni atafunsa chimene akufuna, iye anati paipi ikatopa imafewa n'kutupa penapake, kapena imauma n'kuchita timing'alu. Anati tizidutswa ta chitsulo timene timagwa popala timakonda kuunjikana pomwe paipi yapindika, ndipo tikasiyidwa timaidya pang'onopang'ono. Anatsuka timeneto ndi kaburashi, anamanga kachitsulo kolumikizira kamene kanayamba kukhwepa, ananunkhiza madzi a m'thanki, n'kusunthira pa makina otsatira. Pa makina onse amene anadutsa panalibe pomwe pankadontha.

Ndiye Sajeni anatulutsa paipi yodulidwa ija, imene Abwana anam'patsa itakulungidwa m'nyuzipepala.

"Nanga iyi?"

Wamapaipi sanaiyang'ane n'komwe. "Imeneyo inaphulika yokha, a Sajeni. Inali yakale. Ndinaiwala kuiona. Cholakwa n'changa."

Sajeni anaifinya paipiyo monga momwe anaonera iye akuchitira. Inali yolimba, yobwerera m'malo ukaisiya, ndipo m'kati mwake munali moyera. Anamukumbutsa kuti Abwana akuti inaikidwa sabata yatha. Wamapaipi anati Abwana asokoneza ndi makina ena. Sajeni anaitana wantchito wina amene ankadutsa, ndipo iye anaseka n'kunena kuti palibe angaiwale tsiku limenelo, chifukwa Tsabola anatukwana mpaka madzulo kuti amuimitsira makina ntchito ili pakati. Anawonjeza kuti Wamapaipi akhoza kuiwala dzina la mkazi wake, koma osati paipi.

Sajeni anapita nayo pakhomo pomwe panali kuwala. Bala la paipiyo linali lachilendo. Mbali imodzi linali losalala, la mpeni wakuthwa. Mbali inayo munthu anali atalikanda ndi tupa, mizere yake ikuoneka bwinobwino, ngati ankafuna kuti lioneke long'ambika koma anasiyira panjira.

Atamuonetsa, Wamapaipi anati mwina ndi tizidutswa ta chitsulo tija. Atamufunsa kumene anali nthawi ya nkhomaliro, anati anali kuseri, pa mpopi, akutsuka sefa ya pampu. Panalibe amene anamuona. Ndipo anabwerezanso kuti Tsabola amutulutse, ngati pali womanga amange iyeyo chifukwa cha kusasamala.

Sajeni anamuyang'ana nthawi yaitali. Pa ntchito yake anakumana ndi okana, olira, okomoka dala, ndi oloza abale awo. Koma munthu wopempha mlandu umene aliyense akuti si wake anali asanamuonepo. Anayamba kuganiza kuti mwina akuopa Tsabola, kapena ndi mabwenzi, kapena anapangana. Anabwerera kwa wantchito woseka uja n'kumufunsa ngati awiriwo amagwirizana.

"Iwowo? Salonjerana n'komwe," anatero. "Komanso adzamuikira kumbuyo bwanji Tsabola? Wovulalayo ndi mlamu wake. A Kapitawo anakwatira mlongo wake wa Wamapaipi."

*

Sajeni anabwerera ku polisi mutu uli wazingwazingwa. Mlamu wa wovulala akuteteza woganiziridwa amene salankhulana naye. Paipi yodulidwa ndi mpeni kenaka n'kukandidwa ndi tupa. Ndipo panali chinanso chimene chinkamuvuta: munthu wofuna kuvulaza mnzake angathire madzi pansi n'kumayembekeza kuti mnzakeyo aponda pomwepo, agwa, ndipo agwera mutu pa chitsulo? Kodi Kapitawo analibe maso? Pampu ikulira, madzi oyera ngati mkaka akuyenderera pa simenti yakuda, iye n'kungolowamo?

Tsabola anamubweretsa m'kachipinda kofunsira anthu ali wopanda lamba ndi zingwe za nsapato. Anali wamfupi, wa mapewa otakata, ndipo anayamba kulankhula asanakhale pansi. Anati m'chitolokosimo nsikidzi zamudya moti akatuluka adzafunika kumuwonjezera magazi. Anati inde anakangana ndi Kapitawo, ndipo akadzachira adzakangana nayenso, chifukwa munthu sangakanizidwe kuperekeza amayi ake ku chipatala cha maso ngati kuti amayiwo ndi a boma. Mawu oti aona aja ankatanthauza kuti akam'nenera kwa Abwana, ngakhale kunenera munthu kwa Abwana kuli ngati kuuza khoma.

Sajeni anam'dula n'kumufunsa chimene anabwererera m'shopu anzake akudya. Anati anaiwala foni m'thumba la ovolosi. Atalowa anamva pampu yake ikulira, anaona madzi paliponse, anathamanga kukaizimitsa, ndipo m'pamene anaona Kapitawo ali pansi.

"Anagona bwanji?"

"Chammbali, ngati munthu wopumula. Poyamba ndinkayesa akugona ndithu, ndinatsala pang'ono kuwaseka. Mutu uli pa jekete."

"Pa jekete?"

Tsabola anati inde, jekete ya ntchito, yopindidwa bwino, ili pansi pa mutu. Batani la pakhosi linali lomasula. Ngakhale bokosi la zitsulo limene limakhala pamenepo linali litakankhidwira kutali. Sajeni anafunsa kuti jeketeyo inali ya yani, ndipo iye anati majekete onse m'shopumo ndi ofanana, a Kapitawo anali atavala yawo, ndipo anthu atadzaza sanaionenso. Kenaka ananena kuti pali china chimene chakhala chikumuzunguza. Pomwe ankawanyamula kuti apite nawo ku galimoto, mbali imene anagonera inali youma. Pa simenti panatsala malo ouma, chithunzi cha munthu, madzi atazungulira m'mbali. Anachiona kanthawi kochepa madziwo asanalowepo.

Sajeni anafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezi dzulo.

"Anandifunsa ndani?" anatero Tsabola. "Anzanu anabwera kunyumba dzuwa likulowa, anthu onse a mumzere wa nyumba zathu ali panja. Anandimanga unyolo amayi anga akuona. Maso awo ndi ofooka, koma unyolo anauona. Chimene anandifunsa n'chakuti mpeni ndaubisa kuti."

Sajeni anatuluka m'kachipindamo ali ndi mafunso ambiri kuposa amene analowa nawo. Ngati pansi pa Kapitawo panali pouma, ndiye kuti anagwa madzi asanatayike. Ngati anagwa madzi asanatayike, sanaterereke. Mwina wina anam'menya n'kudula paipi kuti abise. Koma ndani amamenya munthu kenaka n'kumuikira pilo? Ndipo Tsabola akanatha kupeka zonsezi, ngakhale kuti munthu wopeka bodza lodzipulumutsa sakanasankha bodza lopanda mutu ngati limenelo.

*

Ku chipatala, namwino wa mu wodi ya abambo anamuuza kuti Kapitawo anatsitsimuka m'mawa, bala alisoka, ndipo achira. Koma za dzulo sakukumbukira chilichonse. Anati balalo ndi la kugwa, osati la kumenyedwa, ndipo wodwalayo anadziluma lilime m'mbali kwambiri, moti akuvutika kulankhula. Namwinoyo anali pa changu, koma asanachoke anadandaula n'kupempha Sajeni kuti awauze akazi ake a wodwalayo kuti asiye kum'patsa mankhwala a m'chikwama mwawo madokotala osadziwa. Anawapezerera m'mawa, ndipo atafunsa anangoti ndi a mutu.

Kapitawo anali bambo wamkulu thupi, wa imvi zochepa, mutu uli m'bandeji. Pambali pake panakhala mkazi wake, mayi waukhondo amene anali ndi tepi yoyezera zovala m'khosi, ngati anachoka pa makina osokera osadziwa kuti waivala. Funso lililonse limene Sajeni ankafunsa mwamunayo, ankayankha ndi mkaziyo. Anati bambo akunyumba anaterereka. Anati sanadwalepo chiyambire, ngakhale chimfine. Anati achimwene ake, Wamapaipi, anamufotokozera zonse, paipi inaphulika, ndi ngozi basi, ndipo sakuona chimene apolisi akuvutikira.

Kapitawo ankangoyang'ana kudenga. Sajeni atam'funsa mwachindunji chimene akukumbukira, anayankha movutikira kuti ankayenda pakati pa makina, kenaka anamva fungo. Mkazi wake analowererapo msanga kuti ndi fungo la madzi aja, aliyense amalidziwa. Koma Kapitawo anatseka maso, ndipo Sajeni anaona dzanja la mkaziyo likufinya bulangete.

Sajeni anaima pamenepo zinthu zikuzungulira m'mutu mwake: jekete, batani, bokosi lokankhidwa, lilime, mankhwala. Kenaka anakumbukira mng'ono wake wodwala matenda akugwa, amene ali ana ankati akamva kafungo kachilendo amadziwa kuti zayandikira. Anakumbukira zimene amayi awo anawaphunzitsa onse m'nyumbamo: chotsani zimene angadzipweteke nazo, muikireni chofewa kumutu, mumasuleni pakhosi, zikatha mugonekeni chammbali.

Anapempha mkaziyo kuti atuluke naye pakhonde. Anadikira kuti anthu okankha wodwala adutse.

"Mayi, anayamba liti kugwa?"

Mkaziyo anatsegula pakamwa kuti akane. Anayang'ana kumanzere ndi kumanja, kenaka anakhala pa benchi. Anati matenda akugwawo anayamba mwana wawo woyamba ali wakhanda. Mankhwala anawagwira bwino kwa zaka, koma chaka chino ayambiranso. Odziwa anali atatu okha: iye, mwamuna wake, ndi achimwene ake, amene anawapempha kuti azikhala tcheru ku ntchitoko. Anati Abwana akadziwa, ntchito yatha, chifukwa palibe angalole munthu wakugwa kuyenda pakati pa makina. Ndipo anthu mukuwadziwa, ena angayambe kukana kudya nawo mbale imodzi.

Sajeni anafunsa za paipi. Mkaziyo anati imeneyo inaphulikadi, ndipo iye anaona ngati Mulungu wawabisira manyazi, kuti tsiku lomwe bambo agwa pa ntchito, paipi n'kuphulikanso pomwepo.

"Paipiyo inadulidwa ndi mpeni," anatero Sajeni. "Ndipo pali munthu wagona m'chitolokosi chifukwa cha iyo."

Mkaziyo anamuyang'ana osamvetsa. Zinaoneka kuti za Tsabola panalibe anamuuza. Kenaka nkhope yake inasintha pang'onopang'ono, anagwira pakamwa, n'kunena motsitsa, osati kwa Sajeni koma kwa iye mwini, "Achimwene."

*

Sajeni atafikanso ku shopu, makina anali akulira ndipo Wamapaipi anali pa makina a Tsabola, akumangirira paipi ina. Analibe jekete. Ataona Sajeni anaika sipanala pansi n'kupukuta manja, ndipo sanadikire kufunsidwa kawiri. Anapita naye kuseri, pa mpopi paja.

Anati nthawi ya nkhomaliro ndi imene amayendera mapaipi, makina ali chete. Anali pa mzere wachiwiri pomwe anamva kugunda. Anapeza alamu ake ali pansi akuphupha, mutu ukutuluka magazi. Anachita zimene mlongo wake anam'phunzitsa, n'kudikira mpaka zitatha. Kenaka mantha anam'gwira. Anthu akanabwera n'kupeza Kapitawo ali pansi pa simenti youma, akanafunsa chimene chamugwetsa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuona paipi ya makina apafupi.

Anati mpeni unalowa mosavuta, koma ataona bala lake anadziwa kuti ngakhale mwana angazindikire. Anatenga tupa n'kuyamba kulikanda, koma alamu ake anabuula ndipo anaisiya. Anayatsa pampu, anaonetsetsa kuti madzi sakupita kumaso kwa wovulalayo, n'kutulukira khomo la kuseri kuti azungulire, alowere kumaso ngati akungofika, aitane anthu. Atafika pakhomo anapeza Tsabola walowa kale.

"Sindinaganize zoti makinawo ndi a Tsabola," anatero. "Ndinkangoona paipi. Ndinkati anena kuti Wamapaipi wakalamba, wayamba kuiwala. Zimenezo ndikanazipirira."

Anati anauza apolisi a dzulo kuti inaphulika yokha, koma iwo anamvera Abwana. M'mawa anapita mpaka pa geti ya polisi, anaima pamenepo, n'kubwerera, chifukwa kunena zoona kunali kuwavula alamu ake pagulu. Sajeni anamuuza kuti tsopano palibe njira ina. Wodandaula ndi Abwana, ndipo Tsabola sangatuluke bwinobwino Abwanawo asanamve.

Analowa atatu mu ofesi ya Abwana, kachipinda ka magalasi kodzaza ndi zitsulo zakale, n'kutseka chitseko. Apa panabuka vuto limene Sajeni sanaliganizire. Chinsinsi chimene banja linasunga zaka zonsezo chinafunika kuchikuwa. Wamapaipi ananena motsitsa kuti alamu ake amadwala matenda akugwa, ndipo Abwana anayankha kuti mvula chaka chino ikuchedwa. Ananenanso mokwezako, iwo anati ndani wagwa. Mwamwayi makina panja ankasokosa kwambiri. Potsiriza Sajeni anawerama n'kuwalankhulira m'khutu momwe, mawu amodziamodzi, kuyambira pa kugwa mpaka pa tupa.

Abwana anamvetsera maso ali pa tebulo. Atatha, anakanda chibwano.

"Zakugwazo ndikuzidziwa," anatero.

Sajeni anaganiza kuti sanamvenso. Anayamba kubwereza, koma iwo anakweza dzanja. Anati kale, Kapitawo akadali pa makina, anam'peza tsiku lina atagwa m'chipinda chosungira zitsulo. Anakhala naye mpaka zitatha, n'kuchoka asanatsitsimuke bwino kuti asachite manyazi. Mwezi womwewo anamuchotsa pa makina n'kumuika ukapitawo, ntchito yoyenda ndi kuloza. Anthu anadandaula kuti pali ena akale kuposa iye, koma iwo, poti ndi ogontha, sanamve. Sanamuuzepo munthu, ngakhale mwini wakeyo, chifukwa mwamuna akabisa chinthu chotere amakhala ndi chifukwa chake. Dzulo ataona paipi yodulidwa ndi mpeni, za matendawo sizinawabwerere n'komwe m'mutu. Anangoona chiwembu.

Wamapaipi anakhala pansi pa simenti, pomwe anaimapo, n'kugwira mutu.

Abwana anamuyang'ana. Anati za paipi alibe nazo mawu, mapaipi alipo ambiri. Chimene sangachimvetse n'chakuti munthu anasiya mlamu wake magazi akutuluka, n'kumakanda labala ndi tupa. Anati za ntchito yake aganiza kaye, asawafunse lero. Kenaka anafunsa Sajeni kuti dandaulo amalichotsa bwanji, ndipo anatenga makiyi a galimoto.

*

Pa polisi, mkulu uja anamvetsera nkhaniyo nkhope ili yokwinya, n'kufunsa kuti tsono wolakwa ndani. Sajeni anati sakudziwa bwino. Wovulala sanavulazidwe ndi munthu. Katundu wowonongedwa mwini wake sakumufuna. Wonama ananama podziika yekha pa mlandu. Mkuluyo anati apite akaganize, abwere ndi dzina la mlandu mawa, koma wa m'chitolokosiyo amutulutse.

Tsabola anatuluka akumanga lamba, n'kupeza Abwana ndi Wamapaipi ataima pabwalo. Abwana anam'gwira phewa n'kunena mokweza kuti analakwitsa, ndipo mawa apite nawo amayi ake ku chipatala cha maso, tsikulo n'lake. Tsabola anangogwedeza mutu. Ndiye Wamapaipi anayandikira, chipewa chili m'manja, n'kumufotokozera zonse, osasiya kanthu. Sajeni anaima pafupi, chifukwa ankayembekezera chibakera.

Chibakera sichinabwere. Tsabola anamvetsera mpaka kumapeto, anayang'ana pansi, anayang'ana kumsewu. Anafunsa ngati a Kapitawo achira, ndipo atauzidwa kuti inde, anapuma mwamphamvu. Kenaka anati pepani wa pa polisi alibe naye ntchito. Amene akufunika kumva ndi amayi ake, amene sanadye chichokereni iye, ndi anthu a mumzere mwawo, amene pofika pano amuweruza kale kuti ndi chigawenga. Anati Wamapaipi apite naye kunyumba tsopano lino, dzuwa lisanalowe, anthu ali panja, akaime pakhomo pomwe anamumangira n'kunena yekha.

Wamapaipi anavomera. Anayenda pang'ono, n'kuima.

"Ndikanene zonse? Ndi za alamu zomwe?"

Tsabola anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sajeni anaona kuti yankho loyamba limene linafika pakamwa pake analimeza.

"Matenda a alamu anu si a anthu a mumzere mwathu," anatero. "Mukanene kuti paipi munadula ndinu, ndi mpeni wanu, ine ndili kunja. Akakufunsani chifukwa chake, mukhale chete."

"Andiyesa wamisala."

"Akuyeseni. Ine anandiyesa wakupha."

Abwana, amene sanamve chilichonse, anafunsa ngati awaperekeze pa galimoto. Tsabola anakana ndi dzanja. Anati ayenda pansi, kudutsa pamsika, kuti aliyense amuone kuti watuluka. Ananyamuka ali patsogolo, nsapato zopanda zingwe zikukhwepa, Wamapaipi akumutsatira m'mbuyo chipewa chikadali m'manja.